Fungo la M'boneti ya Achimwene Lughano

Akuti m'galimoto ya Lughano, Sienta ija, muli munthu. Osati pampando ayi, koma kutsogolo, pansi pa boneti, momwe mumakhala injini. Ena amati ndi dzanja, ena amati ndi chala chabe, ena amati sakudziwa koma fungo lokhalo likunena zonse. Nkhaniyi inayenda monong'ona pa mjigo, kumsika wa mpunga, pa depoti, mpaka ku boda ku Songwe. Aliyense akamaliza kunena amawonjezera kuti, "Koma usakanene kuti wamva kwa ine."

Ine ndine Lettie, ndipo Lughano akunenedwayo ndi achimwene anga, bere limodzi. Amayendetsa takisi kuchoka pa Karonga boma kupita ku Songwe. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, pano ndimaluka tsitsi pakhonde pathu. Ndisakunamizeni, nkhani za eni ndimazikonda. Munthu akangokhala pansi mutu uli m'manja mwanga, pakamwa pake pamatseguka pokha, ndipo dzuwa likamalowa ndimakhala ndikudziwa amene wathawa banja, amene ali ndi pakati, ndi amene wagwidwa akuzembetsa shuga pa boda. Koma iyi yokha ndinali womaliza kuimva m'tauni yonse.

Anandiuza ndi Anti Lois. Iwowa kwawo ndi ku Ntcheu, amagwira ntchito mu ofesi ina pa boma pano, ndipo pa makasitomala anga onse palibe wokonda kutchena ngati iwo. Tsiku limenelo ndinkawaluka mizere yopita kumbuyo.

"Iwe Lettie, achimwene akowa uwachenjeze," anatero.

"Atani, anti?"

"Aa, ndiye kuti sunamve? Iwe amene umamva ndi za ku Chilumba zomwe?"

Anandifotokozera zonse, mutu uli chowerama, mawu akutulukira pakati pa mawondo. Chipeso chinandipulumuka n'kugwa.

Chiyambi chake ndi ichi. Mwezi wathawo achimwene anachita hayala yonyamula maliro. Bambo wina anamwalirira ku Tanzania, ndiye abale ake anawolotsa bokosi pa Songwe, achimwene n'kulipititsa kumudzi kwawo ku Uraha. Anthu ambiri kwathu kuno amati galimoto ikanyamula maliro, eni maliro ayenera kuiwaza madzi a mankhwala isanabwerere pamsewu. Achimwene ndi munthu wa pemphero, komanso wa phuma. Atangotsitsa bokosi anapepesa, n'kuliza galimoto, ulendo. Sanadikire madziwo.

Pasanapite nthawi, m'galimoto munayamba kununkha. M'mawa fungo silimamveka kwenikweni. Koma injini ikatentha, dzuwa la kuno lija likafika pamutu, anthu amayamba kugwira mphuno. Ena amatsikira panjira asanafike kwawo. Basitu, anthu anaphatikiza maliro aja ndi fungolo, n'kupeza yankho lawo: Lughano anasungako kanthu ka malemu kuti kaziitana makasitomala.

Madzulo ake ndinawapeza achimwene atakhala pa mtondo kuseri kwa khitchini, pomwe amaimika galimoto pafupi ndi matumba a mpunga. Ndinawauza. Sanadabwe.

"Ndikudziwa, mlongo," anatero. "A Jones andiuza lero kuti ndisapitenso pa siteji mpaka nkhaniyi ithe. Ndiponso akuti anyamata ena akukamba zoitentha."

A Jones ndi tcheyamani wa ma takisi pa depoti. Akati usabwere, subwera.

"Nanga fungolo ndi la chiyani, achimwene?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndili pano? Mipando ndachapa, makapeti ndachapa, kubuti ndakolopa ndi sopo wa mafuta onunkhira. Boneti ndatsegula kangapo, koma muli bii, oyilo ndi fumbi zinagwirana ngati phula. Suona kanthu."

Tsiku lotsatira kunabwera asibweni Ambokile, alongo awo a amayi, atanyamula ndowa ya madzi obiriwira, masamba akuyandama pamwamba. Anafika nthawi yomwe achimwene amangobwera kumene kokamwetsa petulo, injini ikadali kulira ti ti ti chifukwa cha kutentha.

"Tsegula kutsogoloko, mwana wa mlongo wanga, ndikhuthulire," anatero asibweni.

"Asibweni, ayi. Injini yotentha chonchi mukaithira madzi ozizira, chitsulo chitha kung'aluka. Ndipo muli mawaya, muli batire. Mundiphera galimoto."

"Hee! Galimoto imayenda pamvula, lero ikuopa ndowa imodzi? Kapena n'zoona zomwe akunena anthuzi, kuti muli chimene ukubisa?"

Amayi anangolowa m'nyumba. Achimwene anaima kutsogolo kwa galimoto manja ali pa boneti, asibweni ali ndi ndowa yawo, kuyang'anizana ngati atambala. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti nkhaniyi singathere pakhomo. Ngati m'bale weniweni akukayika, nanga a pa depoti? Ngakhale achimwene akanatsuka injini kuseri kwa khitchini n'kupeza chonunkhacho, anthu akanati wachotsa yekha n'kukakwirira.

"Achimwene," ndinatero, "bwanji mukatsukitse kwa a Emma, masana, anthu akuona?"

A Emma ali ndi kawoshi kuseri kwa depoti. Ndi mayi wamfupi, wa magambutsi oyera, ndipo madalaivala amawaopa chifukwa pakamwa pawo palibe buleki.

"Ndiye anthuwo abwera bwanji? Ndikalengeze pa wailesi?"

"Zimenezo ndisiyireni ine."

Ntchito yanga inali yosavuta. Kasitomala aliyense amene anakhala pakhonde sabata imeneyo ndinkamunong'oneza kuti, "Loweruka kwa a Emma akatsegula boneti ya achimwene. Amayi sakugona nazo. Chonde usauze munthu." Mawu akuti usauze munthu amathamanga kuposa njinga yamoto. Pofika Lachisanu, mayi wina wogulitsa nthochi anandiuza ineyo nkhani yomweyo, n'kundipempha kuti ndisauze munthu.

Loweruka achimwene anakasiya galimoto kwa a Emma m'mamawa, pamthunzi, kuti izizire. Dzuwa litakwera, anthu anali atadzaza mpaka pamsewu. A kabaza anaimika njinga, amayi a mpunga anasiyira anzawo malonda. A Jones anabwera ndi chipewa chawo chachikopa. Asibweni anabwera ndi ndowa ija. Anti Lois nawo analipo, ataima kumbuyo ndi ambulera.

A Emma anatsegula boneti. Anthu anakankhana, kenako anabwerera m'mbuyo chifukwa cha fungo. Koma chooneka panalibe, kuda kokhakokha.

"Mwaona? Ndiye mundipatse mpata," anatero a Emma. Anakhudza injini ndi kuseri kwa dzanja. "Yazizira. Lughano, makiyi ali kuti?"

"Ali m'thumba, amama."

"Akhale momwemo."

Anatenga sipanala n'kumasula waya wakuda wa pa batire, n'kuupindira pambali kuti usakhudze chitsulo. Kenako anatulutsa majumbo ndi malegeni, timizere tija ta chubu cha njinga. Anayamba kuphimba aluteneta, yomwe imatchaja batire. Asanamange n'komwe, munthu wina anakuwa kumbuyo.

"Akubisa! Bwanji akuphimba?"

"Eya, atsegule tione!"

A Emma anawongoka, manja m'chiuno. "Amene wanena zobisayo abwere adzamange yekha. A Jones, inu ndinu tcheyamani, vulani chipewacho mubwere kuno. Suzumirani. Muli dzanja la munthu umu?"

A Jones anasuzumira. "Mulibe."

"Mangani ndiye. Umu mukalowa madzi, batire silitchajanso. Ili ndi bokosi la mafyuzi, tsegulani. Muli chala?"

"Mulibe."

"Tsekani, muphimbe. Apa ndi pomwe injini imapumira mpweya. Apa pakalowa madzi, Lughano akagula injini ina ku Dar, ku Tanzania."

A Jones anamanga zonse ndi manja awo, thukuta lili kamukamu, anthu akuwalangiza ngati iwo anamangapo. Atamaliza analoza makina a puresha omwe a Emma amatsukira matayala.

"Tsopano womberani ndi awo, amama, tithane nazo."

"Awo ndi a matope a kunsi. Mphamvu yake imalowetsa madzi m'malumikizidwe a mawaya, ndiye mawa galimoto iziti ikayenda pang'ono n'kuzima. Muzidzaikankha inuyo kupita ku Songwe?"

Anayamba ndi burashi youma, kusesa masamba, mchenga ndi mankhusu a mpunga omwe anadzaza m'makona. Kenako anathira parafini pang'ono m'chitini n'kumapaka ndi burashi ya penti pomwe panali oyilo wouma. M'malo mopanikizana amagwiritsa ntchito mswachi wakale. Anauza onse osuta fodya kuti apite kutsidya kwa msewu. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono moti anthu ena anayamba kuyasamula. Ena anagula chinangwa chokazinga n'kumadya ali chiimire, ndi fungo lomwelo.

Asibweni anatopa kudikira. Anasendera ndi ndowa yawo.

"Mayi, nthawi yanga yakwana."

Ine ndimati mkangano wa ndowa uja uyambiranso. Koma a Emma anangoyang'ana ndowayo, n'kutola botolo la pulasitiki lomwe chitsekero chake anachiboola ndi msomali.

"Adada, mankhwala anuwo amagwira ntchito ndi kuchuluka kapena ndi mphamvu yake?"

"Ndi mphamvu yake."

"Ndiye sefani masambawo, muthire umu. Ine ndimatsukuluza ndi botolo lomweli. Muwaze inu, ine ndizikulozerani poti muwaze. Pa majumbo ayi."

Asibweni anaganiza kaye, kenako anavomera. Anayamba kufinya botolo, akuyankhula motsitsa m'Chinkhonde, kupepesa malemu a ku Uraha kuti mwanayu anachita mwa ubwana. Madzi akuda ankatsikira pansi, chitsulo n'kuyamba kuoneka. Achimwene anapumira m'mwamba.

Kenako a Emma anaima. Pansi pa bokosi lakuda la mpweya, kuseri kwa batire, madzi anatulutsa kanthu konga ulusi. Anavala magolovesi n'kukoka. Kanabwera. Anakokanso. Kanapitirira kubwera, kotalika ngati mkono, konyowa, kofiirira ngati chitumbuwa chopserera.

"Kyala wanga!" anakuwa mayi wina, kuitana Mulungu. "Tsitsi la munthu!"

Anthu anabalalika n'kubweranso. Asibweni anagwetsa botolo. Ndinaona mnyamata wina wa kabaza akuwerama kutola mwala. Achimwene nkhope inachita kutuwa.

"Dikirani," anatero mayi wa nthochi uja. "Mtundu umenewu ndikuudziwa. Si tsitsi lija ankavala a Lois mwezi watha? Lija anati ndi la munthu weniweni, anaitanitsa ku Dar?"

Onse anatembenukira kwa Anti Lois. Karonga yonse inkalidziwa tsitsi limenelo. Analivala kutchalitchi, ku ukwati, kumsika, ndipo aliyense wowayamikira ankamuuza kuti si meshi wamba, ndi tsitsi lometedwa pamutu pa mzimayi wa kunja. Anti Lois anagwira kumutu.

"Ndi langadi," anatero mwapansipansi. "N'chifukwa chake mutu wakhala ukundiwawa masiku onsewa."

Apo ndiye zinaipiratu. Tsopano sinalinso nkhani ya malemu okha, koma yakuti achimwene akutenga tsitsi la anthu amoyo. "Mfiti!" wina anatero. A Jones anatambasula manja kuti aletse anthu, koma nawonso maso anali pa tsitsilo.

Ine ndinkadziwa zonse. Tsitsi limenelo ndinakagula ndine, mumsika momwemuno, la m'paketi, pa benchi ya mayi wina wa ku Kyela. Anti Lois anandituma mwakachetechete, n'kundilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu. Ndipo sindinauze munthu. Ife oluka tili ndi lamulo lathu: zimene kasitomala wayankhula ukhoza kuzipititsa, koma za pamutu pake, kaya ndi dazi, kaya ndi imvi, kaya ndi mtengo wa meshi, zimathera pakhonde. Ndinawamasulanso ndine atatopa nalo, zinyalala zake n'kukataya kuseri kwa khitchini.

Ndinawayang'ana Anti Lois. Iwo anandiyang'ananso, n'kupukusa mutu pang'ono. Kenako ndinayang'ana mwala uja m'dzanja la mnyamata.

"Ndani ali ndi machesi?" ndinakuwa.

"Iwe mwana, wapenga?" anatero a Emma. "Pano pali parafini! Ukafuna moto pita uko, pansi pa mango."

Ndinalanda tsitsilo m'manja mwawo, ndinalipukuta ndi chitenje changa, n'kupita pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi galimoto. Anthu ananditsatira. Bambo wina wosuta anandipatsa machesi.

"Amayi nonse muli pano munawaulapo nkhuku," ndinatero. "Tsitsi la munthu likapsa limanunkha chimodzimodzi nthenga, ndipo limasanduka phulusa. Si choncho?"

"Ndi choncho."

Ndinayatsa. Tsitsi lija linakwinyika, n'kuyamba kudontha madontho akuda, kunsonga kwake n'kupanga kampira kolimba. Utsi wake unali uja umatuluka ana akamawotcha majumbo kudzala.

Mayi wa nthochi ananunkhiza. Anagwira kampirako ndi zala.

"Ndi pulasitiki iyi," anatero. "A Lois, mzimayi wa kunja uja anali chidole?"

Wina anayamba kuseka, kenako onse. A kabaza ankagwirana mapewa. Mnyamata wa mwala uja anautaya mwakabisira ngati sanautolepo. Ine sindinatchule dzina la munthu, ndinangonena kuti zinyalala za pakhonde panga ndimataya kuseri kwa khitchini, pomwe pamagona galimoto.

"Bwerani kuno, simunathe kuona!" anaitana a Emma.

Anali atamasula bokosi la mpweya lija n'kulinyamula. Pansi pake panali chisa chachikulu ngati mbale, cholukidwa ndi meshi yofiirira, ulusi wa matumba ndi mankhusu a mpunga. M'katimo munali khoswe wakufa, wofufuma, ndi tiana take. A Emma anachinyamula ndi fosholo n'kuchiyendetsa pamphuno pa a Jones.

"Tcheyamani, dzanja la munthu lija ndi ili. Lili ndi mchira."

A Jones analavula, n'kuvala chipewa chawo.

Ntchito inapitirira, ngakhale anthu ambiri anali atayamba kubwerera ku malonda awo. Pamalo pa chisacho a Emma anatsukapo ndi sopo, n'kupeza waya wina atatafunidwa ndi khosweyo mpaka mkuwa kuonekera. Achimwene anaukulunga ndi tepi yakuda. Kenako anapukuta paliponse ndi nsanza zouma, anachotsa majumbo mosamala kuti madzi a pamwamba pake asagwere m'kati, n'kusiya boneti yotsegula padzuwa. Pa mapulasitiki akuda ndi mapaipi a Emma anapakapo polishi ndi kansalu, koma analetsa achimwene kupaka pa lamba wa injini, akuti angamaterereke.

Asibweni anakhala pa tayala lakale n'kumauza aliyense wodutsa kuti chinthucho chinatuluka madzi awo atangofika. Palibe anawatsutsa. Ndi zoonanso, anawaza ndi iwo.

Zonse zitauma, a Emma anabwezera waya wa batire n'kuumanga. Achimwene analowa, anatseka maso pang'ono, n'kupotokola kiyi. Inalira nthawi yomweyo. Anaisiya ikulira kuti kutentha kuumitse chinyezi chotsala. A Jones anakhala pampando wakutsogolo, anatseka mawindo onse, n'kumanunkhiza uku ndi uku ngati galu wa apolisi.

"Mukununkha sopo," anatero potuluka. "Lolemba ubwere pa siteji. Koma galimoto usamaimikenso pafupi ndi mpunga."

"Ndi zinyalala za mlongo wako," anawonjezera a Emma. "Iwe Lettie, uzikwirira."

Mayi wa nthochi ndi amene anakhala woyamba kukwera, tsiku lomwelo, ndi mikoko yake iwiri. Anati akufuna akafotokoze yekha nkhaniyi ku Songwe isanafike ndi wina.

Anti Lois sindinawaone nthawi yomwe anachoka. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhonde panga. Amakalukitsa ku saluni ya pafupi ndi banki, ndipo anzawo awiri a ku ofesi anawatsatira. Ndamva kuti akuuza anthu kuti Lettie ndi wa pakamwa, sasunga za pamutu pa kasitomala. Tikakumana kumsika ndimawapatsa moni, iwo amayang'ana tomato. Ana a m'dera lathu akawaona patali amanong'onezana kuti "a Dar akubwera", ndipo zimenezo sindinawaphunzitse ndine.

Achimwene akuyenda, galimoto ikudzaza, ndipo Loweruka lililonse amatsegula boneti kuona ngati alendo a mchira abweranso. Amayi amati ndinachita bwino. Mnzanga wina woluka amati ndinaphwanya lamulo, ndikanapeza njira ina. Ine njira inayo sindinaione, ndinaona mwala. Nanga inu, mukanakhala ndi machesi aja m'manja, mchimwene wanu ali uku, kasitomala akukupukusirani mutu uko, mukanayatsa kapena mukanawabweza m'bokosi?